Mmene mungalembere mabuku otsatizana a chikondi cha ankhondo osafa a m'nthano za ma Celt

Nthano zambiri zakale za chikondi za ku Ireland zimathera pamaliro. Naoise anaphedwa ku Emain Macha, ndipo patapita chaka wokondedwa wake Deirdre anadzigwetsa pagaleta n'kumenyetsa mutu pamwala. Diarmuid anatumbulidwa ndi nguluwe paphiri la Ben Bulben. Fionn, yemwe madzi a m'manja mwake ankachiritsa, anawasiya dala kuti adonthe m'zala kawiri konse chifukwa cha nsanje yoti Diarmuid anathawa ndi Gráinne, mkazi yemwe iye ankafuna kukwatira, pobwera nawo kachitatu mnzake atatsirizika. Oisín anakhala zaka 300 ndi Niamh ku Tír na nÓg, dziko la osakalamba, koma tsiku lomwe anabwerera kwawo n'kugwa pahatchi, atangokhudza dothi anasanduka nkhalamba yofooka.

Koma munthu wogula buku la mtundu womwe m'masitolo amautcha paranormal romance, nkhani za chikondi zosakanikirana ndi zamatsenga, amafuna zina. Akufuna chikondi chikhale pakati pa nkhani, ndipo awiriwo athere limodzi ali mosangalala. Mukamupha mwamunayo pamapeto, owerenga amakwiya ndipo buku lachiwiri saligula. Ntchito yanu yonse ili apa: kutenga lamulo lomwe m'nthano linapha okondana, n'kupeza njira yoona yoti awiri anu alidutse ali moyo. Masitepe otsatirawa onse akutumikira chinthu chimodzi chimenechi.

Choyamba: sankhani chitsime chimodzi

Ma Celt, eni zinenero zakale za ku Ireland, Scotland, Wales ndi madera ena apafupi, si mtundu umodzi. Chiairishi ndi Chigaeliki cha ku Scotland n'zapachibale, koma Chiwelishi chili panthambi ina pamodzi ndi zinenero za ku Cornwall ndi Brittany, ndipo munthu wa ku Wales sangamve zomwe wa ku Galway ku Ireland akulankhula m'Chiairishi. Olemba ongoyamba amaika mulungu wa ku Ireland, dzina la ku Wales ndi chovala cha ku Scotland pamunthu mmodzi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo owerenga mabuku amtunduwu ambiri amazidziwa nthanozi kuposa mmene mukuganizira.

Nthano za ku Ireland akatswiri amazigawa panayi: za Tuatha Dé Danann, milungu yakale ya ku Ireland, ndi adani awo a Fomoire, za ku Ulster, momwe muli Cú Chulainn ndi mfumukazi Medb, za Fionn ndi gulu lake la ankhondo lotchedwa Fianna, ndi za mafumu. Ku Wales kuli nthano za Mabinogi. Tengani gulu limodzi likhale msana, lachiwiri mungobwerekako pang'ono. Ngati mukufuna gulu la amuna olumbirirana, yambani ndi Fianna. Ngati mukufuna anthu osakalamba okhala pansi pa zitunda, tengani Tuatha Dé Danann.

Dziwaninso kuti nthanozi zinalembedwa ndi amonke Achikhristu patapita zaka mazana kuchokera pamene chipembedzo chakale chinatha. Mabuku akuluakulu apamanja a ku Ireland omwe anasunga zambiri mwa izo ndi a m'zaka za m'ma 1100, a ku Wales a m'ma 1300. Nthano imodzi mumaipeza m'mitundu iwiri kapena itatu yosagwirizana. Zimenezi n'zokomera inu: muli ndi ufulu wosankha mtundu umodzi, bola muulembe m'kope lanu ndipo musausinthe m'buku lachitatu. Pofufuza, tsamba la CELT la pa University College Cork lili ndi malemba akale ambiri aulere, ndipo pa dúchas.ie pali nthano ndi zikhulupiriro zomwe ana asukulu a ku Ireland anatolera kwa agogo awo pakati pa 1937 ndi 1939. Chenjerani ndi zomasulira za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, chifukwa ena omasulira ankachotsamo zachiwawa ndi zakuchipinda kuti zisakhumudwitse anthu a nthawi yawo.

Chachiwiri: mangani kusafa kwake musanalembe mutu woyamba

Apa ndi pamene mabuku ambiri amagwera. Munthu wosafa konse, yemwe mkondo sumulowa ndipo palibe chomwe angataye, sapatsa owerenga mantha, ndipo popanda mantha nkhondo zake zimangokhala phokoso. Nthano zenizeni sizinachite zimenezo. A Tuatha Dé Danann sankakalamba, koma ankaphedwa: Nuada anaduka mkono pankhondo yoyamba ya Mag Tuired, anamupangira wasiliva, ndipo pankhondo yachiwiri anaphedwa ndi Balor wa Fomoire.

Yankhani mafunso atatu patsamba limodzi. Kusafako kunachokera kuti? Kumamulanda chiyani? Nanga khomo la imfa yake lili pati?

Pa funso loyamba nthano zakupatsani kale magwero. Kuli phwando la Goibniu, wosula zitsulo, lomwe ankati oidya ndi kumwa pamenepo sakalamba. Kuli chitsime cha Sláine, momwe sing'anga Dian Cécht ndi ana ake ankaponyamo ovulala kwambiri n'kutuluka ali bwinobwino, mpaka adani anachikwirira ndi miyala. Ndipo kuli nkhali ya ku Wales yotchedwa Pair Dadeni, yomwe ife timaiona kuti ndi mphatso yoposa zonse kwa wolemba: ankhondo akufa akawaikamo usiku, m'mawa ankadzuka n'kumenyanso nkhondo, koma osalankhula. Onani mmene gwero ndi mtengo wake zabwerera pamodzi. Efnysien anaiswa nkhaliyo podzibisa pakati pa mitembo n'kudzitambasula mkati mwake mpaka inasweka zidutswa zinayi, mtima wake n'kuphulika nawo. Zidutswa zinayi zotayika ndi mabuku anayi okonzeka kale.

Mtengo wa kusafa ukhale chinthu chogunda chikondi mwachindunji. Kutopa ndi moyo sikukwanira, aliyense analemba kale zimenezo. Tiyerekeze kuti wankhondo wanu anadzuka m'nkhali ija ndipo patapita zaka mazana mawu anabwerera, kupatula kuti sangathe kutchula dzina la munthu yemwe amamukonda, kapena sangathe kulumbira lumbiro lililonse. Tsopano muli ndi mwamuna yemwe chikondi chake chiyenera kuonekera m'zochita, ndi mkazi yemwe ali ndi chifukwa chomveka chomukayikira. Nkhani yayamba kudziyendetsa yokha.

Za khomo la imfa, phunzirani kwa Lleu Llaw Gyffes wa m'nthano za Mabinogi. Sakanaphedwa ali m'nyumba kapena panja, ali pahatchi kapena pansi. Pankafunika bafa lofoleredwa denga m'mbali mwa mtsinje, iye phazi limodzi lili pamphepete mwa bafalo lina pamsana pa tonde, ndi mkondo wosulidwa chaka chathunthu pa nthawi yokha yomwe anthu ali ku misa Lamulungu. Chinsinsichi anachiulula kwa mkazi wake Blodeuwedd, amene anakachipereka kwa chibwenzi chake. Kwa inu phunziro ndi ili: tsiku lomwe wankhondo wanu auza mkazi mmene angaphedwere ndi tsiku lalikulu kuposa tsiku lomwe agona limodzi. Liikeni chapakati pa buku, ndipo wina woipa alimve kapena aliganizire.

Chachitatu: mupatseni geis, makamaka ziwiri

Geis ndi lamulo lamwambo lomwe munthu amapatsidwa, loti akaliphwanya tsoka kapena imfa imatsatira. Owerenga Chichewa salivutikira: ndi ngati zoletsa zomwe amati munthu wokhwimira amapatsidwa, zoti akangodya chakuti mankhwala asuluka. Kusiyana kwake n'kwakuti m'nthano za ku Ireland geis imamangidwa pa ulemu wa munthu, ndipo ngwazi imagwa pamene malamulo ake awiri awombana. Cú Chulainn, yemwe dzina lake limatanthauza galu wa Culann, sankaloledwa kudya nyama ya galu, komanso sankaloledwa kukana chakudya chomwe wapatsidwa pamoto wa munthu. Nkhalamba zitatu zazikazi zinamuitanira nyama ya galu m'njira. Kukana kunali kuphwanya, kudya kunali kuphwanya. Anadya, mphamvu zinachoka mbali imodzi ya thupi, ndipo anafa atadzimangirira pamwala kuti afe chiimire.

Chitani chimodzimodzi. Lembani geis ziwiri za wankhondo aliyense, zomwe kwa zaka 1,000 sizinawombanepo, kenako mubweretse mkazi yemwe kubwera kwake kumaziwombanitsa. Mwachitsanzo: saloledwa kugona pansi pa denga limodzi mausiku atatu otsatizana, komanso saloledwa kusiya munthu yemwe wapempha chitetezo chake. Mkazi wavulala ndipo sangasunthidwe kwa sabata. Usiku wachitatu ukubwera. Simukufunikanso kupeka mkangano wabodza woti wina anamva theka la nkhani pazenera.

Malamulo awiri a kalembedwe apa. Owerenga aidziwe geis isanafike pa gawo limodzi mwa magawo anayi a buku, ndipo aone chilango chake pa munthu wina kapena pang'ono pa iye mwini. Geis yotulukira m'mutu 25 pamene wolemba wasowa chopinga imaoneka ngati chinyengo. Chachiwiri, mawu ake enieni alembedwe kamodzi ndipo asasinthe, chifukwa njira yopulumukira idzachokera m'mawu omwewo.

Chachinayi: mkazi asakhale mankhwala

Cholakwika chofala ndi mkazi yemwe ntchito yake ndi kuchiritsa mwamuna basi. Mupatseni chofuna chake chomwe chinalipo asanakumane: wofukula zakale yemwe akufuna chidutswa cha nkhali ija kuti apulumutse ntchito yake, namwino yemwe waona bala likutsekeka lokha ndipo sangakhale chete, kapena mkazi wa m'zitunda yemwe ali ndi ngongole kwa Morrígan, mulungu wamkazi wa nkhondo. Nthano zili ndi akazi olimba okwanira kutengerako. Scáthach ndiye anaphunzitsa Cú Chulainn nkhondo. Emer anakana kukwatiwa ndi Cú Chulainn mpaka atakwaniritsa zomwe anamuikira.

Samalani ndi Gráinne. Iye anaika geis pa Diarmuid kuti athawe naye, mwamunayo asakufuna. M'nthano zimakoma, koma m'buku la chikondi la masiku ano chikondi chokakamizidwa ndi matsenga chimasiya funso m'mutu mwa owerenga: kodi akanakondana popanda chingwecho? Ngati mwaika chizindikiro choti awiriwa analembedwera limodzi, chingowakokera pamalo amodzi, koma kusankha kukhale kwawo, ndipo pakhale mutu umodzi pamene chingwecho chaduka ndipo aliyense ali ndi ufulu wochoka. Onse akhale akuluakulu, ndipo popeza mwamunayo ali ndi zaka mazana ndi mphamvu zoposa, mkazi akhale ndi china chomwe iye alibe: chidziwitso, ulamuliro pamalopo, kapena kiyi ya imfa yake.

Chachisanu: konzani mndandanda wonse

Njira yomwe imagwira bwino ndi buku limodzi banja limodzi, nkhondo yaikulu n'kumapitirira m'mabuku onse. Ankhondo anayi kapena asanu ndi okwanira. Mukaika 12, owerenga amasokoneza mayina ndipo inu mumatopa pa buku lachisanu ndi chimodzi. Aliyense akhale ndi ntchito yake m'gulu, bala lake ndi kalankhulidwe kake, moti mukachotsa mayina pa zokambirana mudziwebe amene akulankhula. Wovuta kwambiri, amene owerenga amamuopa ndi kumufuna, musungireni buku lomaliza kapena lotsatira lomaliza.

Kalendala yakale ikupatsani wotchi yaulere. Samhain ndi usiku wa pa 31 Okutobala kulowa 1 Novembala, pamene zitunda zimatseguka. Imbolc ndi pa 1 Febuluwale, Bealtaine pa 1 Meyi, Lughnasadh pa 1 Ogasiti. Buku lililonse lithamangire chikondwerero chimodzi, lachisanu libwerere pa Samhain, nkhani yonse ikwane chaka chimodzi. Buku lililonse litseke nkhani ya banja lake kotheratu, chotseguka chikhale nkhondo yokha. Banja la buku lotsatira lionekere m'zochitika ziwiri kapena zitatu, osapitirira apo, kuopa kulanda malo eni buku.

Tsegulani kope la mndandanda tsiku loyamba, kaya papepala kaya pakompyuta: chaka chobadwa cha aliyense, mawu enieni a geis, mtundu wa maso, zipsera, amene akudziwa chinsinsi chiti ndiponso kuyambira mutu uti, ndi nthawi yomwe bala limatenga kuti lipole. Ngati m'buku loyamba bala la lupanga linapola usiku umodzi, m'buku lachitatu lisatenge sabata popanda chifukwa.

Chachisanu ndi chimodzi: miyeso ya buku limodzi

Mawu 80,000 ndi mulingo wabwino, m'mitu 30 ya mawu pafupifupi 2,700. Mukamalemba mawu 1,000 patsiku, masiku asanu pasabata, zolemba zoyamba zimatha m'masabata 16. Fotokozani nkhani m'maso mwa awiriwo mosinthanasinthana, munthu mmodzi pachochitika chimodzi, osadumphira m'mutu mwa mnzake pakati pa ndime.

Akumane pofika mutu wachiwiri. Pofika mutu 7 kapena 8 mkazi aone ndi maso ake kuti munthuyu safa, ndipo mumulole achite mantha enieni, athawe ngati n'kofunika. Mkazi wongovomereza m'ndime imodzi sakhulupirika. Mutu 15 ndi wa chinsinsi cha imfa chija. Pakati pa mutu 22 ndi 24 geis ziwiri ziwombane ndipo zonse zioneke ngati zatha. Mitu itatu kapena inayi yotsatira ndi pachimake, ndipo siyani mitu iwiri yomaliza kuti owerenga apume nawo awiriwo. Zofotokoza mbiri yakale ya awiriwo zisapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a buku. Za kuchipinda, sankhani m'buku loyamba ngati chitseko chizitsekedwa kapena ayi, ndipo mabuku onse atsatire mulingo womwewo, chifukwa owerenga amasankha mndandanda potengera zimenezo.

Chachisanu ndi chiwiri: zaka zake zimveke, dziko likhale loona

Munthu wa zaka 1,000 sayenera kuti anali paliponse pamene mbiri inkachitika. Sankhani zochitika zitatu zokha zomwe zinamusintha, monga nkhondo ya Clontarf ya 1014 momwe mfumu ya ku Ireland Brian Boru inafera, nkhondo ya Culloden ya ku Scotland ya 1746, ndi njala yaikulu ya ku Ireland ya 1845 mpaka 1852. Kwina konseko anali kuweta ng'ombe kapena kukonza maboti. Ukalamba wake uonekere m'tinthu tating'ono: amawerengabe chuma ndi ng'ombe, amatchula mudzi ndi dzina lomwe linaiwalika, sasiya chakudya m'mbale. Asalankhule ngati m'buku lakale, chifukwa munthu yemwe wakhala pakati pa anthu nthawi yonseyi waphunzira kugwiritsa ntchito foni.

Zinthu zomwe zimaulula wolemba wosafufuza ndi izi. Mbatata yomwe ife timaitcha airishi inachokera ku South America ndipo inafika ku Ireland chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, choncho Fianna sanaidyepo. Nyumba zikuluzikulu zamiyala zamalinga zinafala atabwera ma Norman mu 1169. Kale mafumu ankakhala m'mabwalo ozunguliridwa ndi mtumbira wadothi kapena patizilumba tomanga m'nyanja. Kilt yaifupi, siketi ya amuna yomwe mumaiona pazikuto za mabuku, ndi ya ku Scotland ya m'zaka za m'ma 1700. Ku Ireland kulibe njoka zam'tchire, koma mimbulu inaliko mpaka m'zaka za m'ma 1700. Newgrange, chitunda chachikulu cha manda ku Ireland, inamangidwa cha m'ma 3200 BC, ma Celt asanakhaleko, ngakhale nthano zinadzaisandutsa nyumba ya mulungu Dagda ndi mwana wake Aengus. Ndipo kwa wolemba wozolowera dzuwa lolowa cha m'ma 6 koloko chaka chonse: ku Dublin mu Juni limalowa pafupifupi 10 koloko usiku, mu Disembala chitangodutsa 4 koloko madzulo. Chochitika cha mumdima pa Lughnasadh chiyenera kudikira, pamene cha pa Imbolc chili ndi usiku wautali.

Mayina a Chiairishi samveka mmene amalembedwera. Niamh ndi Niiv, Aoife ndi Iifa, Siobhán ndi Shivon, Samhain ndi Sawin. Ikani tsamba la katchulidwe koyambirira, ndipo mayina ovuta asapitirire atatu mwa ampangankhani akuluakulu. Kachizindikiro ka pamwamba pa chilembo musakataye: Seán ndi dzina, sean ndi mawu otanthauza chakale. Mawu achikondi a chinenerocho musawatenge pamakina omasulira. Funsani munthu wochilankhula, ndipo asanu kapena asanu ndi limodzi akukwanira buku lonse.

Chomaliza: mathero omwe mwawagula

Mkazi adzakalamba, mwamuna ayi, ndipo owerenga akhala akuliwerengera funsoli kuyambira mutu 8. Njira zilipo zitatu: mwamuna ataye kusafa, mkazi akulandire, kapena agawane zaka. Iliyonse ili ndi mbuna yake. Akataya kusafa, kumbukirani Oisín: n'chiyani chikuletsa zaka 1,000 kumugwera nthawi imodzi? Yankho liyenera kukhala kuti munalidzala kale. Mkazi akalandira kusafa, alipire mtengo womwe amuna aja analipira, ndipo asankhe ali maso, osati akomoke n'kudzuka atasinthidwa. Muonetsenso kuti akudziwa kuti adzaika m'manda abale ake onse. Kugawana zaka kumakoma chifukwa kumabweretsa ngozi yatsopano m'mabuku otsatira: wina akavulala, mnzake amamva.

Njira yomwe sitikulangizani ndi ya Manannán, mulungu wa nyanja, amene anagwedeza chofunda chake pakati pa mkazi wake Fand ndi Cú Chulainn, omwe anakondana, kuti asadzakumanenso, ansembe amatsenga otchedwa ma druid n'kumwetsa Cú Chulainn ndi Emer chakumwa choiwalitsa. Mulungu wobwera kudzathetsa nkhani, kaya polekanitsa kaya pophatikiza, amalanda awiriwo chipambano chawo. Yankho lichokere m'mawu a geis. Ngati lamulo likuti asagone pansi pa denga limodzi mausiku atatu, usiku wachitatu mkazi ndi anzake a wankhondoyo asasule denga, agone pansi pa nyenyezi mvula ikuwagwa. Zimenezo zimathetsa usiku umodzi. Kuthetsa geis yonse kufune nsembe yaikulu, yoperekedwa ndi onse awiri.

Mukamaliza zolemba zoyamba, zisiyeni milungu iwiri, kenako muwerenge mitu itatu yokha motsatizana: pamene geis inanenedwa, pamene inawombana ndi inzake, ndi pamene inathetsedwa. Ngati mawu a m'mutu woyamba mwa itatuyi sakulola zomwe zachitika m'mutu womaliza wake, bwererani mukakonze lamulo kumayambiriro, ndipo mulembe mawu atsopanowo m'kope la mndandanda musanayambe buku lachiwiri.